Galimoto ya a Japhet ku Maryhill

Maryhill, Glasgow
3 Febuluwale 2025

Okondedwa alamu a Japhet,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Thondwe, inu ndi akazi anu, ndi achemwali anu a Nellie, ndi ana onse? Kaya mvula yakugwerani bwanji chaka chino? Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira. Mwana wanu Olivia akugwirabe ntchito yake ya unamwino. Ine mawondo ndiwo akudandaula ndi masitepe a nyumba ino, koma ndikukwera.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi, ndipo ndiiyala pang'onopang'ono. Mukukumbukira kuti titabweretsa thupi la achimwene anu a Ellard zaka ziwiri zapitazo, tinakhala pansi n'kugawa katundu wawo monga mwa mwambo. Njinga inapita kwa inu, wailesi kwa a Nellie, majekete kwa adzukulu. Palibe amene anachoka akung'ung'udza. Koma chinthu chimodzi sichinatchulidwe tsiku lija, chifukwa chinatsala kuno, ndipo ine mutu sunali kugwira. Ndi galimoto yawo, ija ankanyamulira anthu a mpingo Lamulungu.

Galimotoyo ili pomwe anaisiya iwo, kuseri kwa nyumba tikukhalayi. Tsopano eni nyumbazi amata pepala pagalasi kuti ichoke pamalopo usanathe mwezi wa Meyi, apo ayi adzaikoka okha n'kukaiphwanya. Olivia ali nawo maganizo ake pa nkhaniyi, koma ndamuletsa. Ndati dikira, eni ake ayambe ayankhula. Ine ndine wobwera m'banja mwanu. Sindikufuna kuti tsiku lina ndidzafike ku Thondwe anthu n'kumandiloza kuti uyo anadya chuma cha m'bale wathu ali kunja.

Choncho alamu, katunduyu ndi wanu. Nenani inu, ndipo chimene mudzanene ndicho chidzachitike. Ndalemba papepala osati kuimba foni, poti nkhani ya malemu iyenera kukhala poti munthu angaigwire ndi manja.

Ndine mlamu wanu,
Rozina, amake Olivia


Thondwe, Zomba
26 Febuluwale 2025

Kwa alamu anga amake Olivia,

Kalata yanu yandipeza ndili moyo, ndipo ndaiwerenga katatu, kachitatuko nditavala tayi. Kuno tonse tili bwino. Chimanga chamasula, mbuzi ya a Nellie yaswa ana awiri, ndipo njinga ya malemu ikundisunga.

Alamu, akazi ngati inu atsala ochepa. Ena akanagulitsa mwakachetechete, ife kuno osamva ndi mphekesera yomwe. Inu mwati katundu ndi wanga, ndipo ine ndikuti ndalandira ndi manja awiri. Galimotoyo ibwere.

Ndafunsa kale kwa anthu a ku Limbe odziwa za magalimoto ochoka kunja. Akuti imakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenako munthu amakaitenga n'kulowa nayo pa Songwe. Akutinso za kwanuko chiwongolero chimakhala kumanja ngati zathu, ndiye palibe chosintha. Mundiuze ngati imamwa petulo kapena dizilo. Chithunzi chija achimwene anatumiza kale, atatsamira pa boneti, ndachichotsa m'Baibulo ndipo ndachipachika pabalaza. Alendo akachiona amakhala kaye chete.

Za kuyendetsa musade nazo nkhawa. Ndalembetsa kusukulu yophunzitsa galimoto ku Zomba. Mphunzitsi wake akuti ukalamba wanga si vuto, vuto ndi loti ndimaponda buleki mochedwa. Ndamuuza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuimitsa njinga ndi phazi pansi, azindipirira.

Mupereke moni kwa mwana wanga Olivia. Mumuuze kuti akadzabwera sadzakweranso minibasi kuchoka ku Chileka, bambo ake aang'ono adzamutenga okha.

Ndine,
Japhet Gwanda


Thondwe
Tsiku lomwelo

Amake Olivia,

Ndalowetsa kapepalaka mu emvulopu ya achimwene anga iwo atapita kukafuna sitampa, ndiye musakatchule.

Kuno kwavuta ndi chimwemwe. A Japhet agwetsa khola lakale la nkhumba lija, ayamba kumanga galaja ndi njerwa zimene anaumba kuti amangire akazi awo khitchini. Akazi awowo sakuyankhula zambiri, angoyamba kuika ndiwo mchere wambiri. Lamulungu bambowa anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kunena kuti kuyambira Juni odwala a mpingo uno sadzapitanso kuchipatala pa kabaza. Amayi a Mvano analiza nthungululu. Ine ndinaliza nawo, koma mtima uli m'mwamba.

Chifukwa ine ndikukumbukira malemu akundiuza pafoni, akuseka, kuti galimoto yawo imafuna anthu anayi okankha isanavomere. Ndipo pamenepo n'kuti ali moyo, akuisamala. Mawu anu aja akuti katundu ndi wanu, ine ndinawamva monga timanenera pamaliro. Wamasiye amatero, ndipo wamkulu wa banja amayankha kuti chitani nazo mmene mukuonera, ana ali ndi inu. Achimwene anga gawo lachiwirilo aliiwala. Tandiuzani zoona, kodi imayenda?

Mukapeza wobwera munditumizireko magalasi owerengera. Awa ndili nawowa mwendo umodzi ndamanga ndi ulusi.

Nellie


Maryhill, Glasgow
23 Malichi 2025

Okondedwa alamu a Japhet,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ife tadzuka. Kunja kwayamba kufunda pang'ono, timaluwa tachikasu tatuluka m'mbali mwa ngalande ya kuno.

Kalata yanu inafika Lachisanu. Cholakwa ndi changa. Ndinachita manyazi kunyoza katundu wa malemu, ndiye ndinangonena kuti ilipo, osanena kuti ilipo motani. Lero ndinena, ndipo mundikhululukire.

Galimotoyo siyenda. Inasiya kuyenda a Ellard asanayambe ndi kudwala komwe. Kuno nthawi ya chisanu amathira mchere m'misewu kuti anthu asaterereke, ndipo mcherewo unadya kunsi konse. Mukakhala pampando wa kutsogolo mumaona pansi pakati pa mapazi anu. Matayala anaphwa onse anayi. M'mbali mwa magalasi mwamera ndere, ndipo kunsi kwake kumagona nkhandwe, ya m'tauni, yosaopa munthu. Chaka ndi chaka kuno galimoto imayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo iyi inalephera kawiri. Chithunzi mwapachikacho anajambulitsa tsiku limene anaigula, ndipo ngakhale tsiku limenelo inali kale yokalamba.

Tsopano maganizo a Olivia aja ndi awa. Kuno kuli mabungwe othandiza osowa, amati chariti, amene amabwera okha ndi lole kudzatenga galimoto yotha ngati imeneyi. Amagulitsa zitsulo zake, ndipo zimene apezapo amathandizira anthu. Amene tawapeza ife amadyetsa anthu ogona m'misewu. Inde alamu, aliko, azungu enieni. Ndimawaona pa siteshoni ya Partick atakhala pa makatoni, ena ndi agalu awo. Ndiye Olivia akuti ikaperekedwa m'dzina lake, boma limam'chotserako pang'ono msonkho umene limadula pa malipiro ake. Fomu analemba kale, yangotsala kusaina, koma ndaibisa m'chikwama changa cha Mvano. Situluka mpaka inu mutanena.

Kalatayi ndapatsira Mayi Anastasia a mpingo wathu kuno, amene akubwera kumudzi ku chinkhoswe cha mwana wawo. Alonjeza kukupatsani pamanja sabata yomwe afike. M'kati muli magalasi owerengera a a Nellie. Ndangoganiza ndekha kuti mwina angawafune.

Ndine mlamu wanu,
Rozina


Thondwe, Zomba
17 Epulo 2025

Kwa alamu anga amake Olivia,

Landirani moni wa Pasaka. Kuno tili bwino, tayamba kudya mondokwa.

Papita masabata asanu ndi awiri chilembereni kalata yanga, koma yankho ayi. Kupositi andizolowera moti akandiona patali amangopukusa mutu, ine n'kubwerera pomwepo osatsika njinga. Kaya mukudwala? Kaya za sitima zavuta? Ngati pali povuta nenani, ndife anthu akuluakulu.

Ntchito kuno ikuyenda. Galaja ndafolera ndi malata, chatsala ndi chitseko. Mayeso oyamba a laisensi sindinakhoze chifukwa cha mtengo wa mango umene unali pamalo olakwika, koma ndibwereza. Abusa andifunsa kale ngati ndingadzawaperekeze ku msonkhano wa ku Domasi mu Julayi, ndipo ndavomera.

Koma ndisabise. Anthu ayamba kuyankhula. Loweruka pamsika wina anandifunsa kuti, kodi bambo Gwanda, sitima yanu ija yamira? Wina anati akazi amasiye a kunja amalemba zokoma kenako amagulitsa. Ine ndinamuyankha kuti mlamu wanga simukumudziwa. Ndinayankha choncho pagulu, alamu, anthu ogulitsa tomato akumva. Musandisiye ndi mawu amenewo m'kamwa.

Ndine,
Japhet Gwanda


Maryhill
6 Meyi 2025

Azakhali a Nellie,

Muli bwanji? Ndine Olivia. Amayi andiletsa kuimbira foni bambo aang'ono. Akuti foni yawo amayankha pa sipika, ndipo mudzi wonse ungamve kuti galimoto ndi yakufa. Kulemba sanandiletse, ndiye ndalemba papepala n'kujambula, ndatumiza pafoni ya mwana wanu Emma. Akuwerengereni muli awiri.

Amayi analemba zoona zonse mu Malichi. Kalatayo ikadali m'chikwama cha Mayi Anastasia. Tamva kuti chinkhoswe chitatha ku Lilongwe anapitirira ku Kasungu kukaona mchemwali wawo wodwala, n'kukhalitsa. Nambala yawo ya kumeneko ndamupatsa Emma. Chonde muwaimbire, muwauze kuti kwatsala masabata atatu okha.

Chiwerengereni kalata ya bambo aang'ono ya za pamsika ija, amayi sakudya bwino. Dzulo ndikuchoka kuntchito ndinawapeza kuseri akupukuta magalasi a galimotoyo ndi kansalu, mvula ikugwa. Ndinati, "Amayi, mukupukutiranji chinthu chokaphwanyidwa?" Anati, "Si yathu, tikungosungira eni ake." Ndinati tingosaina za chariti, bambo aang'ono tidzawafotokozera pambuyo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Tsikulo likakwana yankho lisanafike, eni nyumba adzaikoka ngati zinyalala, ndipo amayi adzati achititsa manyazi banja lonse. Ine mashifiti andithera mphamvu, azakhali. Thandizeni.

Mwana wanu,
Olivia


Thondwe
14 Meyi 2025

Amake Olivia,

Magalasi ndalandira, ndikulemba nditavala. Ndaona kuti zidzukulu zanga ndi zauve kuposa mmene ndinkaganizira. Kalatayi Emma ajambula kuti ikupezeni lero lomwe.

Mayi Anastasia afika dzulo masana pa minibasi, akupepesa kuyambira kumsewu. A Japhet anawalandira ngati nduna. Nkhuku inafa, ndipo anawaonetsa galaja asanawapatse ndi madzi omwe. Mayiwo anangoti, "Ndi yabwino, bambo, yotakasuka," n'kundiyang'ana ine. Atadya ndiye anatulutsa kalata.

Achimwene anawerenga chamumtima ataimirira. Atafika pakati anakhala pansi. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, inu munaiona ndi maso anu?"

Iwo anati, "Ndinakwerapo kambirimbiri, bambo, ndipo ndinakankhapo kawiri."

"Nanga nkhandweyo?"

"Inaswa chaka chatha. Ana atatu."

Ine ndinathawira kukhitchini kuti ndisaseke pamaso pawo. Kumeneko ndinapeza akazi awo ataluma nsalu, misozi ili chuchuchu ndi kuseka.

Sanakwiye nanu. Anati, "Mlamu wanga sananame, ndine ndinathamanga." Chimene chikuwadya ndi tchalitchi, kuti akaimirira bwanji pomwe anaimirira paja. Anatenga mpando n'kukakhala m'galaja mpaka dzuwa kupendeka. Nditawapititsira tiyi anandifunsa funso limodzi lokha. Anati, "Nellie, akuti azungu ogona m'misewu. Zoona zimenezi?" Ndinati mlendo alipo, kamufunseni. Anakambirana nthawi yaitali, iwo akufunsa kuti amafunda chiyani, amadya kuti, abale awo ali kuti.

Yankho sananene. Ndawakumbutsa za tsiku, andiyankha kuti kalendala ali nayo. Akuti alemba okha, ndipo Mayi Anastasia adzadutsa kudzatenga popita ku Chileka pa 26. Ndawauza mayiwo kuti akadzaiwalanso ndidzawatsatira wapansi. Inu idyani, mupirire.

Nellie


Thondwe, Zomba
25 Meyi 2025

Kwa alamu anga amake Olivia,

Moni. Ndikulemba ngati wamkulu wa banja la malemu Ellard Gwanda, ndipo a Nellie ali pano ngati mboni.

Poyamba, mundikhululukire mawu a pamsika aja ndinakulemberani. Simunadye chilichonse. Mwasunga chitsulo chakufa zaka ziwiri, ndipo simunafune kuchisuntha popanda mawu anga. Amene adzakulozeni chala ku Thondwe adzayambe wadutsa pakhomo panga.

Chachiwiri, galimotoyo munati ndi yanga, ndipo ine ndinalandira. Sindibweza. Ndi yanga ndithu. Tsono poti ndi yanga, ndaganiza zoipereka kwa osowa a ku Scotland.

Lero ndaimirira m'tchalitchi pomwe ndinaimirira paja. Ndati, abale, mpingo wathuwu unabwera ndi anthu a ku Scotland. Mabuku a kusukulu ndi mabulangete a kuchipatala takhala tikulandira kwa iwo kuyambira nthawi ya makolo athu. Tsopano ndamva kwa mboni yoona ndi maso kuti kwawoko kuli ena akugona pa makatoni. Kodi ine ndizikwera galimoto iwo ali ndi njala? Ndaipereka. Alamu, pomwepo Mvano inayamba nyimbo. Abusa anati chiyambire utumiki wawo sanamvepo munthu wa ku Thondwe akuthandiza Ulaya. Ku Domasi akuti apita pa minibasi. Za ndere ndi nkhandwe sindinatchule, poti palibe amene anandifunsa.

Zofunika ndi ziwiri. Katundu wa malemu sachoka popanda wa kubanja, ndiye Mayi Anastasia, poti adya m'nyumba mwanga, aimirire m'malo mwanga tsikulo. Ndipo papepala la bungwelo palembedwe dzina la wopereka, Japhet Gwanda, kuti kalata yothokoza ibwere kuno ndidzaiwerenge pa zolengeza. Mwana wanga Olivia andimvetse.

Galaja ija akazi anga alowetsamo kale mafuwa.

Ndine,
Japhet Gwanda


Maryhill, Glasgow
1 Juni 2025

Okondedwa alamu a Japhet,

Moni kwa inu, kwa akazi anu, kwa a Nellie ndi onse. Ife tili bwino, ndipo ine ndayambanso kudya.

Kalata yanu inafika Lachitatu, kutatsala masiku atatu. Ulendo uno Mayi Anastasia anabwera nayo molunjika kuchoka ku bwalo la ndege, masutikesi ali m'manja. Ndikufotokozerani zonse mmene zinayendera, poti ndinu eni ake.

Ndinamuwerengera Olivia mokweza. Pa mawu anu a m'tchalitchi anaseka mpaka kugwira khoma. Pa mawu a dzina anasiya kuseka. Anati, "Amayi, dzina likakhala la bambo aang'ono, za msonkho zija zathera pomwepo. Iwo sakhoma msonkho kuno."

Ndinati, "Chaka chatha unakhoma wonse. Unafa?"

Anati, "Sindinafe."

Ndinati, "Tenga fomu ina."

Anang'ung'udza m'Chingerezi cha kuno chimene ine sindimva, koma analemba, ndipo dzina lanu analemba ndi zilembo zazikulu. Atatha anati ndikuuzeni kuti mwamudyera tayala limodzi.

Lole inabwera Lachisanu m'mawa, kukuwala kadzuwa. Mayi Anastasia anavala yunifolomu ya Mvano, inenso ndinavala. Anabweranso anthu angapo a mpingo amene a Ellard ankawanyamula. Woyendetsa loleyo, bambo wonenepa wa ndevu zofiira, anafuna kungokoleka tcheni, koma Mayi Anastasia anamuimitsa. Anati aimirira banja, ndipo banja likuti tiyambe tapemphera. Bamboyo anavula chipewa n'kudikira, ngakhale pempherolo linatalikirapo.

Kenako anatiuza kuti tichotse zathu zonse m'kati. Titatsegula kumbuyo tinapeza maambulera asanu ndi awiri, buku la nyimbo la munthu amene anabwerera kumudzi kalekale, ndi poto wamkulu amene Mayi Anastasia akhala akunena zaka zitatu kuti anzawo a Mvano anawabisira. Anamunyamula osayang'ana munthu kumaso. Galimoto itakwera pa lole ndinalira pang'ono, koma kuseka kunali kochuluka. Kalata yothokoza akuti ituluka masabata awiri akubwerawa. Ndidzatumiza pa positi, Mayi Anastasia apume.

Asananyamuke, bamboyo anayang'ana pafomu n'kufunsa kuti Japhet ndi uti pagululi. Olivia anamuuza kuti ali ku Malawi, ndipo ndiwo eni galimoto. Anakanda ndevu. Anati ndiye amene asaine m'malo mwawo alembe kuti ndi ndani wawo. Olivia anandimasulira, n'kundipatsa cholembera. Ndinati umuuze kuti ndine mlamu wawo, wa pakhomo pawo pomwepo. Ndipo ndinasaina.

Ndine mlamu wanu,
Rozina